Romeo ndi Juliet: chinawapha ndi chibwana chawo kapena akuluakulu?

Phiri wa ku Joni:
Abale, ndili ndi nkhani ndi sewero lija la Shakespeare, la Romeo ndi Juliet. Anthu amalitama kuti ndi nkhani ya chikondi chenicheni, moti mnyamata akagwa m'chikondi anzake amayamba kumuitana kuti Romeo. Koma taliwerenganinso mofatsa. Kumayambiriro kwa sewero mnyamata akudzitsekera m'chipinda, akulirira mtsikana wina, Rosaline, amene wamukana. Lamulungu madzulo akulowa mozemba paphwando la adani a banja lake kuti akaone Rosaline yemweyo. Kungoona Juliet, mwana wa adaniwo, Rosaline waiwalika pompo. Lolemba masana ukwati. Lolemba lomwelo wapha munthu. Pofika mbandakucha wa Lachinayi anthu 6 afa. Ine chimene ndikuona apa ndi phuma ndi chibwana basi. Ndipo zoti "linali tsoka lawo" kapena "nyenyezi zinawada" ndimazikana. Palibe nyenyezi imene inamugwira dzanja Romeo kuti abaye Tybalt, msuweni wa Juliet.

Nachisale:
Achimwene, pa Romeo ndikumvani. Koma musawaike m'thumba limodzi ana awiriwa. Juliet anali asanakwanitse ndi zaka 14 zomwe. Mlezi wake atafunsa, mayi ake akuyankha kuti kwatsala masabata awiri ndi masiku angapo kuti akwanitse. Mwana wa zaka 13 mukufuna asenze mlandu umene bambo ake, mayi ake, mlezi ndi wansembe anaukana?

Phiri wa ku Joni:
Wa zaka 13 yemweyo ndi amene anayambitsa za ukwati, achemwali. Usiku uja m'munda Romeo amangolankhula za mwezi ndi nyenyezi. Juliet ndiye ananena kuti ngati cholinga chako ndi ukwati, unditumizire uthenga mawa za malo ndi nthawi. Anadziwa chimene akuchita.

Aphunzitsi opuma:
Ndikupatseni moni nonse. Bukuli ndidaliphunzitsa zaka zambiri pamene lidali pa mayeso a MSCE, ndipo funso ili lidali kubwera chaka ndi chaka m'kalasi. Ndiyambe ndi chinthu chimene ambiri sachidziwa. Nkhaniyi Shakespeare sadaipeke yekha. Adaitenga mu ndakatulo yaitali ya Arthur Brooke ya m'chaka cha 1562, ndipo Brooke naye adaitenga ku nthano za ku Italy. Mu ndakatuloyo Juliet ali ndi zaka pafupifupi 16, ndipo nkhani yonse imatenga miyezi ingapo. Awiriwo amakhala pa ukwati wawo wamseri kwa nthawi ndithu mavuto asanayambe. Shakespeare polemba lake, cha m'ma 1595, adachita zinthu ziwiri mwadala. Adatsitsa zaka za mtsikana kufika pa 13, ndipo adapanikiza miyezi ija kuti ikwane m'masiku osakwana sabata.

Tsono a Phiri, phuma mukulinenali nlenileni, wolemba adaliikamo yekha. Koma onaninso ichi. Brooke m'mawu ake oyamba adalemba poyera kuti nkhaniyo ndi chenjezo kwa achinyamata otsata zilakolako, onyoza uphungu wa makolo. Shakespeare chenjezo limenelo adalichotsa. M'malo mwake, oyamba kulankhula pa nsanja amatiuza kuti imfa ya anawa ndiyo idakwirira udani wa makolo awo. Munthu wofuna kungodzudzula ana sakadasintha motero.

Chemwali wa zisudzo:
Aphunzitsi zikomo kwambiri. Ine pagulu lathu la zisudzo andipatsa kuti ndisewere Juliet, ndiye mawu ake ndikuwaloweza. Chimene chandidabwitsa nchoti m'munda muja amene akuganiza ndi iyeyo. Akumufunsa Romeo kuti walowa bwanji mpanda wautali chonchi, akumuchenjeza kuti abale anga akakupeza akupha. Romeo akufuna kulumbira pa mwezi, iye akumuletsa kuti mwezi umasinthasintha. Kenako akunena yekha kuti pangano la usiku unoli silikundisangalatsa, lachita kufulumira kwambiri, lopanda uphungu, lili ngati mphezi imene imazima munthu asananene nkomwe kuti kwang'anima. A Phiri mwati ndi amene anayambitsa za ukwati. Eya, koma ine ndikamanena mawu amenewo ndimamva kuti akudziteteza. Mnyamata wadumpha mpanda usiku, wamumva akuulula zakukhosi. Kodi mtsikana wa nthawi imeneyo akanati chiyani kuti asangoseweretsedwa? Anati ngati zili zoona, tipite kwa wansembe.

Phiri wa ku Joni:
Ndiye mfundo yanga ndi imeneyo mwanawe. Anaona yekha kuti zafulumira, koma anapitirizabe. Wochimwa akudziwa mlandu wake umaposa wa wosadziwa.

Nachisale:
Nanga akanafunsa ndani? Tiyeni tiwawerenge akuluakulu a m'nyumba imeneyo mmodzimmodzi.

Bambo ake, a Capulet, poyamba akulankhula bwino ndithu. Paris, m'bale wa Kalonga wa mzindawo, atabwera kudzafunsira, iwo akuti mwanayu ndi wamng'ono, dikirani papite zaka ziwiri, ndipo mukope mtima wake kaye chifukwa chilolezo changa chitsatira chake. Limenelo ndi Lamulungu. Lolemba usiku, Tybalt atangophedwa kumene, bambo omwewo akumuuza Paris kuti mtsikanayo ndi wako, ukwati Lachinayi, osamufunsa mwini wake. Zaka ziwiri zija zasanduka masiku atatu. Lachiwiri Juliet atanamizira kuti wavomera, chimwemwe chikuwapitirira, akubwezanso ukwati kuti uchitike Lachitatu. Ndipo kubweza tsiku kumeneko ndiko kunachititsa kuti mwana amwe mankhwala omugoneka ngati wakufa aja tsiku lake lisanakwane. Wa phuma ndani apa? Mwana kapena bambo a imvi?

Tsono kawerengeni gawo lachitatu, chochitika chachisanu. Juliet wagwada pansi, akupempha kuti amumve mawu amodzi okha. Bambo akumutukwana, akuti zala zanga zikundiyabwa, akuti ndikukokera kutchalitchi ngati chigawenga, ukakana pita ukapemphetse, ufe ndi njala m'misewu, sindidzakuvomerezanso kuti ndiwe wanga. Akutembenukira kwa mayi ake, akupempha kuti ukwatiwo auchedwetse mwezi umodzi, ngakhale sabata imodzi. Mayi akuti usandilankhule, chita zimene ukufuna, ine ndathana nawe. Watsala mlezi, amene anamuyamwitsa, amene ananyamula mauthenga, amene anabweretsa makwerero a zingwe kuti Romeo akwerere kuchipinda. Mlezi akuti kwatiwa ndi Paris, Romeo ndi chisanza chabe pomuyerekeza ndi ameneyu. Anthu atatu, m'mawa umodzi. Timati safunsa adadya phula, koma mwana uyu anafunsa, anafunsa aliyense amene anali naye pafupi.

Nankhoma ku Leeds:
Achemwali mwandikhudza. Mayi ake a Juliet ndimawamvera chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi. Amanena okha kuti pa msinkhu wa Juliet iwo anali atabereka kale Juliet yemweyo. Mukawerengera, sanafike ndi zaka 30 zomwe. Nawonso anakwatiwitsidwa ali mwana kwa bambo wamkulu. Ndiye chimene anachitiridwa akuchiona ngati ndi mmene zinthu zimayendera. Ndipo taonani, pofuna kumuuza mwana wawo za Paris akuyamba amutulutsa mlezi kuti alankhule mwamseri, kenako akumuitananso chifukwa sakudziwa poyambira ndi mwana wobereka okha.

Phiri wa ku Joni:
Chabwino, za Juliet ndaziimika kaye. Koma pa Romeo sindisuntha. Kalonga Escalus anali atalamula kale pamaso pa onse kuti wina akadzayambitsanso ndewu m'misewu ya mzinda wawo wa Verona adzaphedwa. Tybalt wapha Mercutio, bwenzi la Romeo, masanasana anthu akuona. Romeo akanangoima, lamulo likanathana naye Tybalt. Bambo ake a Romeo akuchita kunena zimenezo pomuteteza, kuti mwana wanga wangochita zimene lamulo likanachita. Koma iye ayi, wangokwatira kumene maola ochepa apitawo, mkazi akumudikira, akusolola lupanga nkupha msuweni wa mkazi wake. Akamaliza akufuula kuti tsoka landiseweretsa. Tsoka liti? Mawu amenewo ndi amene amandikwiyitsa. Ndi mawu a munthu amene safuna kunena kuti ndachita ndine.

Aphunzitsi opuma:
Apa a Phiri ndili nanu, koma tiwonjezere zimene zidachitika mphindi zochepa izi zisadafike. Tybalt atamutukwana, Romeo adakana kumenyana. Adamuyankha mofatsa kuti ndili ndi chifukwa chokukondera chimene sungachidziwe tsopano. Mercutio, posadziwa za ukwati, adaona ngati mnzake wachita mantha, manyazi adamugwira, nkusolola lupanga m'malo mwake. Romeo adalowa pakati kuti aleretse, ndipo Tybalt adabayira kunsi kwa mkono wa Romeo. Ndiye mnyamatayu adayesa njira ya mtendere, ndipo njira imeneyo idaphetsa bwenzi lake m'manja mwake. Mvetserani zimene akunena pambuyo pake: akuti kukongola kwa Juliet kwandifewetsa, kwandisandutsa ngati mkazi. Apo ndiye pali matenda. Mzinda wonse udamuphunzitsa kuti mwamuna weniweni amabwezera. Sindikumuchotsera mlandu, magazi a Tybalt ali m'manja mwake. Ndikungoti lupanga limenelo adamupatsa ndi akulu.

Kumbukirani mmene sewero likuyambira. Antchito akuputana pamsewu ndi matukwana a chibwana. A Capulet, nkhalamba, akutuluka ndi chovala cha m'nyumba akukuwa kuti ndipatseni lupanga langa lalitali, mkazi wawo nkumati mukufunika ndodo yoyendera inu, osati lupanga. A Montague, bambo ake a Romeo, nawo akuti ndisiyeni ndipite, mkazi wawo akuwagwira. Ndipo m'sewero lonse palibe pamene tikuuzidwa chimene adayambanirana mabanja awiriwa. Anthu akufera mkangano umene palibe akukumbukira gwero lake.

Mkulu wa mpingo:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine mtima wanga uli pa wansembe, bambo Laurence, chifukwa ntchito ya uphungu ndimaigwira. Anthu ambiri amamutenga ngati wanzeru wa m'seweroli popeza ndi amene amalankhula miyambi. Ndi iye akumuuza Romeo kuti yenda pang'onopang'ono, othamanga amapunthwa. Ndi iye akuti zokondweretsa zobwera mwamphamvu zimathanso mwamphamvu. Akumuseka Romeo kuti misozi ya Rosaline sinaume nkomwe patsaya. Koma pa kukumana komweko akuvomera kumanga ukwati, ndipo akuumanga tsiku lomwelo. Chifukwa chake akuchinena yekha: akufuna ukwatiwu usandutse udani wa mabanja kukhala chikondi. Cholinga nchabwino, koma wagwiritsa ntchito ana awiri ngati mlatho popanda kuuza eni ake a mtsinje.

Kwathu kuno mnyamata ndi mtsikana akabwera kwa ine kuti tikufuna ukwati, funso loyamba ndi lakuti ankhoswe anu ndani. Sikuti timafuna kuvutitsa ana. Nkhoswe ndi munthu amene mawa zikavuta adzaimirire nkunena kuti ukwati uwu ndikuudziwa ine. Ukwati wa Romeo ndi Juliet anaudziwa akulu awiri okha, wansembe ndi mlezi, ndipo tsiku limene unafunika mboni onse awiri anatseka pakamwa. Mlezi anali m'chipinda momwemo pamene a Capulet amakalipa. Anayesa kumuikira kumbuyo mwana, koma chinthu chimodzi chimene chikanaimitsa zonse, choti mwanayu ndi wokwatiwa kale, sanachinene. Wansembe naye Juliet atabwera ndi mpeni, njira yoongoka inali kupita kwa a Capulet kapena kwa Kalonga nkuulula kuti ndinawakwatitsa ndine. Iye anasankha kumupatsa mwana wa zaka 13 mankhwala omugoneka ngati wakufa kwa maola 42, kuti akadzukire m'manda.

Nankhoma ku Leeds:
Ndipo kumanda kuja anathawa.

Mkulu wa mpingo:
Anathawa, mayi. Pamenepo ndimalephera kumukhululukira. Juliet wadzuka, akufunsa kuti mwamuna wanga ali kuti. Wansembe akumuuza kuti wafa ali pambali pakopo, Paris nayenso wafa, tiye ndikakusiye kwa masisitere. Wamva phokoso la alonda, akuti sindingathe kukhalanso pano, nkutuluka. Mwana amene masiku awiri apitawo anamuopseza kuti adzibaya, akumusiya yekha ndi mtembo wa mwamuna wake ndi mpeni. Akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma uyu anaopa mbiri yake.

Phiri wa ku Joni:
Akulu a mpingo, zonsezo nzoona, koma musaiwale kuti wansembe yemweyo anamupulumutsapo Romeo. Atamva kuti wapirikitsidwa mumzinda, osati kuphedwa, Romeo anadzigwetsa pansi m'chipinda cha wansembe, kulira, kufuna kudzibaya. Wansembe anamudzudzula zolimba, kumuwerengera madalitso ake: Juliet ali moyo, Tybalt amafuna kukupha koma wafa ndi iye, lamulo limati imfa koma wangopirikitsidwa. Anamupatsa ndondomeko yomveka, kuti pita ku Mantua ukadikire, ife tipeza nthawi yolengeza ukwati ndi kukupepesera kwa Kalonga. Mantua sikutali ndi Verona, ndi ulendo wa tsiku limodzi pa hatchi. Ndiye Romeo uphungu anaulandira. Nanga anachita nawo chiyani? Wantchito wake Balthasar atabwera ndi uthenga wa maliro a Juliet, Romeo anafunsa kawiri ngati pali kalata yochokera kwa wansembe. Kawiri! Kusonyeza kuti ankadziwa kuti pamayenera kukhala mawu. Atamva kuti palibe anangoti zilibe kanthu, kandipezere mahatchi. Wantchito wake akumuchonderera kuti bwana dekhani, nkhope yanu ikuopsa. Iye wapita kale kukagula poizoni. Atafika ku Verona sanadutse nkomwe kwa wansembe kukafunsa kuti mkazi wanga wafa bwanji. Akanangogogoda pakhomo limenelo, onse awiri akanakhala moyo.

Chemwali wa zisudzo:
Apa a Phiri sinditsutsa. Mnzanga amene akusewera Romeo timakangana za malo amenewa. M'manda muja Romeo akuyang'ana nkhope ya Juliet, akuona yekha kuti milomo ndi masaya zikadali zofiira, akudabwa kuti imfa sinamusinthe. Chizindikiro chili pamaso pake. Pokonzekera ine ndimakhala nditagona pa benchi maso otseka, ndikumumva akunena mawu amenewo pafupi ndi khutu langa, ndipo thupi lonse limafuna kugwedezeka kuti aone. Koma iye anali atatsimikiza kale za kufa asanalowe, ndiye chilichonse chimene akuona akuchisandutsa ndakatulo.

Koma yerekezani ndi Juliet pomwa mankhwala aja. Ali yekha m'chipinda, akufuna kumuitananso mlezi, nkudziletsa. Akudzifunsa kuti nanga akapanda kugwira ntchito, nkuika mpeni pambali. Akudzifunsa kuti nanga ngati wansembe wandipatsa poizoni weniweni kuti abise manyazi ake. Akuganiza za kudzuka msanga m'manda mopanda mpweya, pakati pa mafupa a makolo ndi mtembo wa Tybalt. Zoopsa zonse waziwerenga, mpaka kukayikira wansembe. Uyu si mwana wosaganiza. Ndi mwana amene njira zina zonse zamutsekekera.

Nachisale:
Ndi zimenezo mwana wanga. Romeo amachita asanafunse. Juliet amafunsa, osayankhidwa. Onse timawatcha achibwana koma si chibwana chimodzi.

Phiri wa ku Joni:
Komabe ananama, achemwali. Anagwada pamaso pa bambo ake kunamizira kulapa. Analola makolo ake alire maliro abodza pa tsiku la ukwati. Zimenezo tizitcha chiyani?

Nachisale:
Tizitcha bodza, sindikukana. Koma mwana amene wauzidwa kuti ukanena zoona ukafera kumsewu, mukuyembekeza kuti anena zoona? Ine ndinaona ndi maso anga kumudzi kwathu mtsikana wa sitandade 8 amene amalume ake anamupezera mwamuna wa golosale. Anapita kwa mayi ake, anamuuza kuti usatichititse manyazi. Anapita kwa azakhali, anamuuza kuti ukazolowera. Anayamba kunama kuti akupita kusukulu pamene akukabisala kwa mnzake, ndipo mudzi wonse unkati mwanayu ndi wabodza, wosamva. Palibe anafunsa kuti wayamba liti kunama. Anapulumuka chifukwa mayi wina wa gulu la amayi a pasukulu anakaima pakhomo pa amfumu osachoka. Juliet analibe mayi woteroyo. Nchifukwa chake lamulo lathu la mu 2015 loti ukwati uziyambira zaka 18, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, ine ndimaziona ngati zinthu zazikulu. Ndi ntchito imene Inkosi Kachindamoto anagwira ku Dedza yothetsa maukwati a ana. Mwana wa msinkhu umenewo sayenera kuikidwa poti asankhe pakati pa mwamuna ndi msewu.

Aphunzitsi opuma:
Mayi Nachisale, pa zaka pamenepo ndiwonjezere. Ena amati nthawi imeneyo zidali zachizolowezi kukwatiwa pa zaka 13. Ku England kwa Shakespeare sizidali choncho kwa anthu wamba, akazi ambiri ankakwatiwa atapitirira zaka 20. Oonerera ake adamuona Juliet ngati mwana, monga mmene tikumuonera ife. Shakespeare mwini wake adakwatira mu 1582 ali ndi zaka 18, mkazi wake Anne Hathaway ali ndi 26 komanso ali woyembekezera. Mwana wawo woyamba, Susanna, adabadwa mu 1583, kutanthauza kuti polemba seweroli adali ndi mwana wamkazi wa msinkhu pafupifupi wa Juliet. Za phuma la unyamata adazidziwa, za ubambo adazidziwanso.

Zaka za Romeo sizitchulidwa paliponse. Koma onani ufulu umene ali nawo. Amayenda usiku wonse osafunsidwa, ali ndi wantchito wake, ali ndi ndalama zokwana kupatsa wogulitsa mankhwala makobidi 40 agolide. Juliet kuti atuluke pakhomo ayenera kupempha kuti akupita kukalapa. Amene ali ndi ufulu wochuluka ndiye ali ndi mlandu wochuluka. Ndimo ndinkawayankhira ana anga m'kalasi.

Nankhoma ku Leeds:
Chinanso chimene ndinazindikira nditakaonera seweroli kuno: Romeo salankhulana ndi makolo ake ngakhale kamodzi pa nsanja. A Montague amamudera nkhawa, amadziwa kuti amalira m'mamawa, koma akumusiyira Benvolio, msuweni wa Romeo, kuti akafufuze chimene chikumuvuta. Mayi ake akumwalira ndi chisoni atapirikitsidwa, ndipo timangouzidwa m'mizere iwiri kumapeto. Chikondi chinalipo m'nyumba imeneyo, kulankhulana kunalibe. Anyamata athu ambiri ali choncho. Timadabwa tikamva kuti wadzipha chifukwa cha chibwenzi, pamene miyezi yonse amadzitsekera m'chipinda ife nkumati akula, asiyeni. Nchifukwa chake sindifuna kuti seweroli liziphunzitsidwa ngati kuti imfa yawo ndi yokongola. Siyokongola. Ndi ana awiri amene akanatha kukhala moyo.

Mkulu wa mpingo:
Ameni mayi. Ndipo za kalata ija tisazitenge ngati tsoka lokha. Inde, wansembe John, amene anatumidwa ndi kalata youza Romeo kuti Juliet sanafe, anatsekeredwa m'nyumba chifukwa akuluakulu a zaumoyo ankaganiza kuti mwadutsa mliri, ndipo kalata sinafike ku Mantua. Mliri sanaupange munthu. Koma bambo Laurence anali atalonjeza kuti mauthenga azidzatumiza kudzera mwa wantchito wa Romeo. Pa uthenga wofunika kuposa onse anatuma munthu wina, osamuuza nkomwe kulemera kwa kalatayo, ndipo Balthasar sanauzidwe kanthu. Moyo wa ana awiri unapachikidwa pa pepala limodzi.

Phiri wa ku Joni:
Ndamva zonse, ndipo za bambo Capulet ndi wansembe ndikuvomereza kuti katundu wawo ndi wolemera. Koma pali munthu mmodzi amene tonse tamudumpha: Paris. Mnyamata uyu analakwa chiyani? Anafunsira mwa dongosolo, kudzera kwa makolo. Sanadziwe kuti mtsikanayo ndi wokwatiwa. Usiku uja anabwera kumanda ndi maluwa kudzalira. Akuona munthu wopirikitsidwa, amene anapha Tybalt, akuswa chitseko cha manda ndi chitsulo. Aliyense akanayesa kumugwira. Romeo anamupha osadziwa nkomwe kuti ndi ndani, anachita kuyang'ana nkhope atagwa kale. Munthu amene watsimikiza kuti akufa mphindi zochepa zikubwerazi, chomupheranso wina nchiyani? Apa palibe bambo, palibe wansembe, palibe mliri. Ndi Romeo yekha.

Chemwali wa zisudzo:
Anamuchonderera kaye kuti achoke, a Phiri. Anamuuza kuti mnyamata wabwino iwe, usandiwonjezere tchimo lina pamutu panga, thawa. Koma inde, anamupha. Ndipo mafilimu ena amadula malo amenewa kuti Romeo aoneke woyera. Ife pagulu lathu tagwirizana kuti sitidula.

Koma Paris naye ine sindimuona ngati wopanda banga. Sanamufunsepo Juliet ngati akumufuna. Atakumana kwa wansembe akumuuza kuti nkhope yakoyo ndi yanga. Mtsikana maso atupa ndi kulira, iye akuwerenga masiku a ukwati.

Aphunzitsi opuma:
Musadule, mwana wanga, mwachita bwino. Ndipo musadulenso mawu a Kalonga kumapeto, chifukwa ndi wamkulu yekhayo amene akudziloza chala popanda kukakamizidwa. Akuti inenso, chifukwa cholekerera mikangano yanu, ndataya abale anga awiri, ndiwo Mercutio ndi Paris. Ndewu zitatu zidachitika m'misewu iye asadachitepo kanthu kolimba. Wansembe naye akuulula zonse ndi kunena kuti ngati pali cholakwa changa moyo wanga uperekedwe, koma akutero atagwidwa ndi alonda akunjenjemera ndi khasu m'manja. A Capulet ndi a Montague akugwirana chanza ndi kulonjezana zoumba mafano agolide a ana awo. Palibe mwa awiriwo akunena kuti ndidalakwa.

Nachisale:
Nanga chilango, aphunzitsi? Kalonga amati ena akhululukidwa, ena alangidwa. Analangidwa ndani?

Aphunzitsi opuma:
Shakespeare sadatchule, sewero limathera pomwepo. Koma mu ndakatulo ya Brooke chiweruzo chidalembedwa. Mlezi adapirikitsidwa chifukwa chobisa ukwati. Wogulitsa mankhwala adanyongedwa. Wantchito wa Romeo adamasulidwa. Wansembe adamasulidwanso chifukwa cha mbiri yake yabwino, ndipo adapita yekha kukakhala kwayekha mpaka imfa yake.

Nachisale:
Wogulitsa mankhwala uja? Amene Romeo anachita kumusankha chifukwa anamuona kuti ndi wosauka, masaya olowa ndi njala, shopu yopanda katundu? Munthuyo anakana poyamba, ananena kuti lamulo la Mantua ndi imfa kwa wogulitsa zimenezi. Romeo anamuumiriza ndi golide, mpaka iye anati umphawi wanga ndiwo wavomera, osati mtima wanga. Ndiye anyonge ameneyo, apirikitse mayi wantchito, koma bambo amene anauza mwana wake kuti akafere kumsewu abwerere kunyumba kukaitanitsa golide wa fano? Chemwali wa zisudzo, mukadzafika pa a Capulet kumapetoko, muuzeni amene akusewerayo asadzaime ngati munthu wolemekezeka. Ndipo mutiuze tsiku, ine ndidzabwera ndi ana anga aakazi awiri.